Maluwa osowa a m'nyumba ku Nkhotakota: amene apirira ndi amene agonja patatha chaka

Mvula ya chaka chatha itangoyamba ndinasonkhanitsa maluwa a m'nyumba, aja osowa a masamba amawangamawanga amene anthu amaonetsana pa Instagram ndi pa Facebook. Nthawi imeneyo aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti kuno kunyanja maluwa oterewa afika kwawo, poti kumene anachokera nakonso n'kotentha ndiponso kwa chinyezi. Tsopano aona dzinja, aona mwera, aona dzuwa la Okutobala. Kutentha kwathu amakukondadi, pamenepo sindikusintha mawu. Zimene zimawazunza ndi zina: madzi a pamjigo, mphepo youma, ndi nyumba ya malata.

Ndinatenga Monstera wa mitundu iwiri, Thai Constellation ndi Albo, kenako Philodendron Pink Princess, ma Calathea angapo, Alocasia, Caladium, Aglaonema wofiira ndi Syngonium wa pinki. Ambiri ndinagula kwa anthu ogulitsa maluwa ku Lilongwe, ndipo anabwera m'makatoni pa minibasi kudzera ku Salima, n'kukwera nawo msewu wa M5. Croton yekha ndinangothyola pa mpanda wa anzanga pano pa boma.

Malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu a ku London kapena ku Toronto, amene nkhondo yawo ndi chisanu, masiku aafupi ndi mpweya wouma wa m'nyumba zotenthetsedwa ndi makina. Ndiye amakuuzani kuti mugule nyale zapadera, kachipangizo kofukiza nthunzi, ndi kamphasa ka magetsi kotenthetsa mizu. Kuno zonsezo n'kutaya ndalama, komanso magetsi ake ndi omwewa ongobwera n'kupita. Kuyambira Disembala mpaka Epulo mpweya wathu umakhala wonyowa wokha, zovala zimakana kuuma pachingwe, ndipo maluwa amenewa amakula moti umachita kuona kusintha kwake pa sabata. Ngakhale mu Juni ndi Julayi, kuzizira kwa kunyanja sikufika pa kwa ku Dedza kapena ku Mzuzu. Palibe duwa langa limene linafa ndi chisanu.

Nkhani yaikulu ndi madzi, ndipo aliyense wofuna kuyamba ayambe waganiza za madzi asanaganize za duwa. Nyumba yathu timatunga pamjigo, ndipo madzi ake ali ndi kamchere kamene lilime la munthu wozolowera silikamvanso. Mijigo ina ya m'mbali mwa nyanja ili choncho. M'dzinja vuto silinaoneke chifukwa ndinkathirira madzi a mvula. Mvula itatha, migolo itauma, ndinayamba kuthira a pamjigo, ndipo pofika mu Julayi pamwamba pa dothi ndi m'milomo ya miphika munali mutachita zoyera. Madzi amauma, mchere n'kutsalira, ndipo ukachuluka m'dothi mizu imavutika kukoka madzi ngakhale dothilo lili lonyowa. Duwa limaoneka laludzu, iwe n'kuwonjezera madzi omwewo, vuto n'kumakulirakulira.

Oyamba kudandaula anali ma Calathea. Masamba ake anayamba kupsa m'mphepete, kenako kupiringizika, kenako kuuma kuchokera kunsonga. Maluwa amenewa kwawo ndi pansi pa nkhalango za ku South America, kumene madzi amene amawadziwa ndi a mvula basi. Kunena chilungamo, m'miyezi yawo yabwino palibe duwa linawaposa kukongola m'nyumba muno. Madzulo amaimika masamba ake m'mwamba n'kuonetsa kunsi kwake kofiirira, m'mawa n'kuwagonekanso, ndipo ana a pafupi ankabwera dala kudzaona ngati n'zoona. Koma lero watsala mmodzi yekha, nayenso masamba ake ndi owerengeka. Munthu amene alibe thanki yosungira madzi a mvula okwanira chilimwe chonse asavutike ndi Calathea. Kukongola kwake n'kwa miyezi inayi, miyezi yotsalayo mumangokhala ndi lumo m'manja kudula zopsa.

Chimene chinapulumutsa enawo ndi madzi a m'nyanja. Mnyamata wina wa kabaza amandibweretsera zigubu, ndipo ndimawasiya agone kuti mchenga ndi zinyalala zikhale pansi. Sakufanana ndi a mvula, koma mchere wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa mjigo wathu. Kamodzi pa mwezi ndimatulutsa miphika panja n'kuthira madzi ambiri mpaka atuluke pansi kwa kanthawi, kuti atsuke mchere umene waunjikana. Chaka chino ndawonjezera migolo pansi pa malata. Mvula yoyamba ndimaisiya ipite, chifukwa imatsika ndi fumbi ndi zitosi za mbalame za chilimwe chonse.

Dothi nalo linafuna kusintha. Maluwa ambiri anabwera m'dothi lakuda lolemera, loti ukathirira lero limakhalabe chinyowere mpaka sabata yamawa. Ku Lilongwe mwina limayenda, koma m'dzinja la kuno limawoletsa mizu. Monstera, Philodendron ndi Syngonium kwawo amayanga m'mitengo, mizu yawo inazolowera mpweya. Anthu akunja amagula zosakaniza za m'mapaketi, koma ife Nkhotakota ndi dziko la mpunga, ndipo mankhusu ake amangounjikana kuseri kwa zigayo. Ndimawawaula pang'ono mpaka ade koma asasanduke phulusa, n'kusakaniza ndi timakala tophwanya, makungwa ouma oduladula, ndi manyowa a ng'ombe owolerana bwino pang'ono chabe. Madzi amadutsa msanga, mizu imatuluka yoyera ndi yonenepa. Mankhusu osawaula ndinawasiya chifukwa amamera mpunga mumphika, komanso amaitana chiswe. Mchenga wa kunyanja musauyese: ndi wosalala kwambiri, umatseka timipata tonse.

Miphika yadothi yowotcha inandichitira bwino kuposa ya pulasitiki m'dzinja, chifukwa imapuma. Mu Okutobala zimatembenuka, yadothi imauma tsiku lomwelo. Maluwa okonda chinyontho ndawabwezera m'mapulasitiki, a mizu yonenepa ndawasiya m'miphika yadothi.

Tsopano za ma Monstera awiri aja, poti ndiwo anadya ndalama zambiri, ndipo ndi amene anthu amafunsa kawirikawiri. Onse ndi ochokera ku mtundu umodzi, Monstera deliciosa, wa ku Mexico ndi maiko a ku Central America. Kusiyana kwawo kuli pa mawanga. Thai Constellation anachulukitsidwa m'malabotale a ku Thailand, ndipo mawanga ake, timadontho ndi zigamba zotuwira ku chikasu, ndi okhazikika: tsamba lililonse limatuluka nawo. Albo mawanga ake ndi oyera mbee, koma sakhazikika. M'tsinde lake muli timagulu tiwiri ta maselo, tobiriwira ndi toyera, ndipo tsamba latsopano limatengera kumene mphukira yatulukira. Likhoza kubwera theka loyera theka lobiriwira, lija la pa zithunzi, likhoza kubwera lobiriwira lonse, kapena loyera lonse.

Chimene ogulitsa satchula n'chakuti mbali yoyerayo ilibe chobiriwira chimene tsamba limapangira chakudya pa kuwala. Ili ngati mlendo amene amadya nawo nsima koma kumunda sapita. Duwa lonse limaidyetsa, ndipo zinthu zikavuta ndi imene imayamba kutayidwa. Albo wanga anatulutsa masamba okongola m'dzinja, ine n'kumajambula. Mwera utayamba kuwomba mu Juni, zoyera zija zinayamba kuchita dzimbiri m'mphepete, ndipo kutentha kwa Okutobala kunamaliza zotsalazo. Masamba awiri omaliza atuluka obiriwira okhaokha. Ndiye kuti panopa ndili ndi Monstera wamba amene ndinamugula pa mtengo wa wosowa.

Thai Constellation ndiye wandisangalatsa. Ndi wochedwa, m'miyezi yozizira anangoima osachita kanthu, koma tsamba lililonse limene watulutsa ndi lalikulu kuposa linzake, ndipo atsopanowa ayamba kung'ambika m'mbali ndi kuchita mabowo monga Monstera wamkulu amachitira. Zigamba zake nazo zimapsa pang'ono, koma poti mawanga ambiri ndi timadontho tomwazikana pa zobiriwira, tsamba silionongeka lonse. Chimene amadana nacho ndi madzi ochuluka akadali wamng'ono. Ngati muli ndi ndalama ya duwa limodzi lodula, gulani ameneyu.

Pink Princess ndili naye pakatikati. Masamba ake ndi obiriwira moderako, pafupifupi akuda, ndipo pinki akabwera amaoneka bwino kwambiri pa mdima umenewo. Koma amabwera akafuna. Wanga anatulutsa masamba motsatizana opanda kadontho n'kamodzi komwe, mpaka ndinamudula kubwerera pa mfundo imene tsinde lake linali ndi mzere wa pinki. Mphukira yatsopano inabweradi ndi mtundu. Amafunanso mtengo woti ayangepo, apo ayi amagwa chammbali n'kumatulutsa timasamba tating'ono. Ndiye ndi duwa loti uzilisamala ndi mpeni, osati longoika pakona. Muchenjerenso ndi wina wotchedwa Pink Congo, amene masamba ake atsopano amakhala a pinki lonse. Mtundu umenewo ndi wochita kupangitsa ndi mankhwala, ndipo pakapita miyezi masamba amabwerera ku zobiriwira. Anthu ambiri kunja anagwiritsidwa naye fuwa la moto, ndipo zithunzi zake zikuyendabe m'magulu a WhatsApp kuno.

Za kuwala, nyumba zathu zambiri zili ndi mawindo aang'ono, kuwonjezera apo makatani ndi khonde lotchinga. Maso athu amaona ngati m'chipinda mukuwala, koma duwa limene lili pakona kutali ndi zenera limakhala mumdima. Malo abwino m'nyumba muno ndi zenera loyang'ana kunyanja, kumene dzuwa limalowa m'mawa lisanapse. Zenera la kumadzulo, kuyambira Seputembala, limawotcha tsamba masana amodzi okha. Ndipo malata ndi nkhani ina: pabalaza pathu pali siling'i, koma chipinda chakumbuyo chilibe, ndipo masana a Okutobala ndi Novembala, kunja kukapitirira madigiri 30, m'menemo mumatentha koposa. Maluwa amene anali pa shelefu yapamwamba m'chipinda chimenecho anafota ngakhale dothi linali lonyowa. Nditawatsitsa pansi pa simenti anatsitsimuka.

Croton m'nyumba anakana. Anayoyola masamba mpaka kutsala ndodo, ndipo nditamutulutsa pakhonde anaphukanso ndi mitundu yake yonse, yofiira, yachikasu, yobiriwira. Ndi duwa la padzuwa, malo ake ndi pampanda pomwe ndinamutenga.

Caladium anandiopsa mu Meyi. Masamba ake opyapyala aja, ofiira pakati ndi oyera m'mbali, anagwa limodzilimodzi mpaka mumphika munatsala dothi lokha. Apongozi anga atabwera kudzacheza anafuna kudzalamo anyezi. Anati, "Mayi, mphika wabwinobwinowu ukungokhala? Chinafa chija, tayani." Ndinawapempha kuti adikire kaye, chifukwa Caladium ali ndi chimbatata pansi, ndipo nyengo youma ndi yozizira amagona. Chofunika ndi kusiya kuthirira, apo ayi chimbatatacho chimawola. Kutangoyamba kutentha anatumphuka, ndipo panopa ali ndi masamba ambiri kuposa amene anabwera nawo. Apongozi atamuona anangoti, "Koma zanuzi ndiye ayi."

Funso lawo lina linali lakuti kodi masamba amenewa sangakhale ndiwo, poti Alocasia ndi Caladium amafanana ndi koko. Anaona bwino, ndi banja limodzi ndi koko, pamodzi ndi Monstera, Philodendron, Syngonium ndi Aglaonema. Koma asadyedwe. Onsewa ali ndi timinga tosaoneka ndi maso ta calcium oxalate, tomwe tija timachititsa koko wosapsa bwino kuyabwa kukhosi. Mwana akatafuna tsamba, pakamwa pamawotcha, milomo ndi lilime zimatha kutupa. Pakhomo pamene pali mwana wokwawa, maluwa amenewa akhale pamwamba, ndipo mukadula tsinde sambani m'manja musanagwire m'maso. Mphaka nayenso zimamuvuta chimodzimodzi.

Tizilombo tinabwera ndi chilimwe. Alocasia ndiye anayamba: masamba anachita timadontho totuwa, kunsi kwake kuli timaulusi topyapyala. Ndi akangaude ofiira omwe aja amavutitsa alimi a tomato, ndipo amakonda kotentha ndi kouma. Alocasia akuoneka kuti ndi ndiwo yawo yapamtima, chifukwa amayambira pa iye kenako n'kufalikira kwa ena. Ndinkatsuka masamba kunsi ndi kumwamba ndi madzi a sopo pang'ono, n'kupopera madzi a masamba a nimu osinja, mobwerezabwereza masiku angapo aliwonse chifukwa mazira ake safa ndi kupopera kamodzi. Zinachepa koma sizinathe, ndipo Alocasia watsala ndi tsamba limodzi. Pofukula ndinapeza timbatata ting'onoting'ono m'mizu yake, ndadzala padera, tina tamera. Ngakhale zili choncho sindingamugulenso, chifukwa amaika anzake pa ngozi.

Kunabweranso tizilombo toyera taufa tobisala m'makhwapa a masamba, achibale a kodikodi amene alimi a chinangwa kuno amamudziwa bwino. Timeneti ndi tosavuta mukatipeza msanga: kathonje konyika mu spiriti, n'kumatipukuta kamodzikamodzi. Muyang'anenso nyerere, chifukwa zikamakwera mphika mowirikiza ndiye kuti pali chimene zikuweta pamwambapo. Nkhungu zikatuluka m'nyanja n'kudzaza pa mawindo sizidya duwa, zimangofera pa masamba n'kumata, ndiye mumapukuta ndi kansalu konyowa. Fumbi la mwera nalonso limafuna kupukuta komweko.

Pali chinthu china chimene ndikufuna anzanga okonda maluwa achimve. M'magulu ogulitsana maluwa mumapezeka anthu onena kuti akhoza kukubweretserani chilichonse kuchokera ku South Africa kapena ku Tanzania, chokulunga m'zovala m'chikwama. Kulowetsa chomera m'dziko muno kumafuna chilolezo cha ku Unduna wa Zaulimi ndi chikalata cha kumene chikuchokera chotsimikiza kuti chilibe matenda. Ena amaona ngati n'kuvutitsana chabe. Koma ife a ku Nkhotakota tikudziwa zimene matenda a chisaka anachita ku nthochi: anayamba kuoneka m'boma lomwe lino m'zaka za m'ma 1990, kenako anafalikira mpaka kukagwetsa minda ya ku Thyolo ndi Mulanje, dziko n'kuyamba kudya nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique. Matenda a mbewu amayenda ndi zomera zimene anthu amanyamula komanso nsabwe zokhala pa zomerazo. Kaduwa kamodzi ka pabalaza sikoyenera kuika munda wa munthu pachiswe. Ine ndimagula kwa amene akuchulukitsa konkuno, ndipo duwa lililonse latsopano limakhala lokha pakhonde lakuseri milungu ingapo lisanalowe m'nyumba.

Kumbali ya ndalama, maluwa amenewa anakwera mtengo mopenga nthawi ya Covid-19, anthu atatsekeredwa m'nyumba. Mu Juni 2021 ku New Zealand, duwa limodzi la mawanga la mtundu wa Rhaphidophora tetrasperma linagulidwa pa madola a kumeneko 27,100 pa Trade Me, tsamba la pa intaneti logulitsirapo zinthu. Kuchokera apo malabotale achulukitsa mitundu yambiri, ndipo Pink Princess ndi Thai Constellation, amene kale anali a anthu olemera, kunja atsika mtengo kwambiri. Kuno kutsikako sitinakumve bwino, chifukwa kwacha nayo inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ogulitsa ena akutchulabe mitengo ngati tili mu 2021. Amene akukuuzani kuti mugule Albo ngati bizinesi, kuti muzidzadula n'kumagulitsa, akukudyerani masuku pamutu. Duwalo limakula pang'onopang'ono, zodula zina zimawola zisanamere, ndipo ogula ake pano pa boma ndi ochepa zedi.

Amene anthu amandipempha ndi ena, omwe ndinawagula motchipa mongowonjezera. Aglaonema wofiira, wa mtundu wa Siam Aurora, wakhala pa kabati kutali ndi zenera, wamwa madzi a pamjigo nthawi imene ena ndinkawapatsa a m'nyanja, wapirira Okutobala, ndipo sanataye tsamba kupatula akale a pansi. Kufiira kwa m'mphepete mwa masamba ake kuli momwe kunalili tsiku lofika, ndipo waphuka ana m'mbali amene ndawagawa kale m'miphika ina. Syngonium wa pinki ndiye sadziwa kufa. Mukadula pansi pa mfundo n'kuika m'botolo la madzi, pakatha sabata kapena awiri mizu yatuluka. Pinki wake amazilala akakhala mumdima, n'kubwerera mukamusendeza ku zenera. Anzanga a kuntchito, amayi a kutchalitchi, ngakhale alandilodi athu, onse ali naye tsopano kuchokera pa tsinde limodzi lomwelo. Mlendo akalowa pabalaza maso ake amathamangira pa awiri amenewa, Albo amamudutsa osamuona.

Feteleza sindithira wambiri. Kadzanja kochepa ka NPK kosungunula m'ndowa yodzaza, kamodzi pa mwezi m'dzinja mokha, n'kokwanira. M'chilimwe, pamene mchere uli kale m'dothi, feteleza amangowonjezera kupsa kwa masamba.

Kwa amene akufuna kuyamba, nthawi yabwino yogula ndi Disembala kapena Januwale, kuti duwa lizolowere nyumba mpweya ukadali wonyowa ndipo madzi a mvula alipo. Logula mu Ogasiti limafikira m'mavuto lisanagwire mizu. Uzani wogulitsa atumize m'mawa, ndipo katoni isakhale pafupi ndi injini kapena pansi pa matumba, chifukwa ulendo wochokera ku Lilongwe ndi wa maola angapo ndipo minibasi imaima paliponse. Ngati mukugula chodula cha duwa la mawanga, musakhutire ndi chithunzi cha tsamba. Pemphani chithunzi cha tsinde, muone ngati pali mfundo yokhala ndi diso lamoyo, komanso ngati mzere woyera kapena wa pinki ukudutsa pa disolo. Tsamba lopanda mfundo likhoza kumera mizu m'madzi n'kukhala miyezi, koma silidzaphuka.

Albo wanga ndamudula sabata yatha kubwerera pa mfundo yomaliza imene inali ndi mzere woyera. Nsonga yobiriwirayo ndaidzala pansi pa mtengo wa mango kuseri kuti iyange momwe ikufunira. Chitsa chatsala pa zenera la kum'mawa, ndipo chikatulutsanso zobiriwira zokhazokha nachonso chipita ku mango, malo ake pakhale ana a Aglaonema.